Manja Anatsala Kunja kwa Felemu

Anthu a pamsewu umenewo ankamutchula kuti Lumo, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi. Ntchito yake inali yokonza makanema, ndipo pantchito yonseyo chimene ankachikonda koposa chinali kudula. Ukamubweretsera kanema wa maola atatu, iye ankakubwezera wa mphindi khumi ndi ziwiri, n'kukuuza kuti zina zonsezo kunali kutsokomola ndi anthu ofunafuna mipando. Kachipinda kake kanali pamwamba pa shopu yogulitsa zikwama za mafoni, moyang'anana ndi ometa tsitsi. Munali tebulo limodzi, kompyuta ya masikirini awiri, mipando itatu yosafanana, ndi fani yomwe inkalira ngati ili ndi chifuwa. Pazenera anapachikapo katani yokhuthala kuti dzuwa lisamamunamize mitundu.

Lumo anali ndi mdani mmodzi padziko, ndipo mdaniyo anali kanema wojambulidwa foni itaimirira. Sikirini ya kompyuta ndi yogona, yotambalala m'mbali. Ukaikapo kanema woimirira, chithunzi chimangokhala kamzere pakati, uku ndi uku kwatsala mizati iwiri yakuda bii. Lumo ankati akaona mizatiyo thupi limamunyerenyesa. Mankhwala ake anali amodzi: ankakulitsa chithunzicho mpaka chidzaze felemu yonse, ndipo zimene zasefukira kumwamba ndi kumunsi ankazisiya kunja. Posankha choti chitsale, ankasankha nkhope nthawi zonse. "Munthu amaonera maso a mnzake," ankatero, "osati mabatani a malaya."

Lolemba lina m'mawa mkazi wake anakwera masitepe a kachipindako foni ili m'manja, akulu ake ali pambuyo. Alamu ake a Lumo amenewa anali telala. Anasiya kumva ali ndi zaka zinayi atadwala matenda otentha thupi, ndipo kuyambira pamenepo ankalankhula ndi manja. Mkazi wa Lumo anakula akucheza nawo choncho, moti zala zake zinkathamanga kuposa pakamwa. Lumo yekha, zaka zisanu ndi zinayi ali pabanja, ankadziwa zizindikiro zitatu basi: moni, zikomo, ndi chakudya chapsa.

Tisamunamizire kuti ankadana nawo alamu akewo. Ankawanyamulira mipukutu ya nsalu, anawaikirapo getsi pamwamba pa makina osokera, ndipo akabwera kunyumba ankawapatsa mpando wabwino. Koma akangoyamba kulankhula, maso a Lumo ankathawira kwa mkazi wake kukadikira mawu. Anazolowera choncho mpaka anasiya kuona kuti amatero.

Nkhani imene inawabweretsa inali yaikulu. Sukulu ina yophunzitsa ntchito zamanja inkafuna mphunzitsi wa zosoka woti aziphunzitsa kalasi ya achinyamata osamva. Aliyense wofuna ntchitoyo anayenera kutumiza kanema wosapitirira mphindi zisanu, woonetsa mmene amasokera ndiponso mmene angaphunzitsire, pasanakwane 12 koloko masana Lachisanu. Alamuwo anali atasoka zaka makumi awiri pakona ya shopu ya munthu wina, atatembenukira kukhoma, makasitomala akuwalozera ndi chala pamene pang'ambika. Ntchito imeneyi ankaifuna ndi mtima wonse, ndipo sankabisa. Kwa masabata atatu anasoka jekete ya kasitomala wina kuyambira pojambula ndi choko mpaka batani lomaliza, akufotokoza sitepe iliyonse ndi manja, mng'ono wawo akujambula pa foni uku akumasulira ndi mawu. Jeketeyo mwini wake anali ataitenga kale n'kupita nayo kutali.

Lumo analumikiza foniyo ku kompyuta, n'kuusa moyo.

"Mwajambulanso choimirira."

"Foni imagwirika choncho, bambo," anatero mkazi wake. "Inu ingokonzani."

"Papepala la asukulu alemba kuti kanema akhale wogona."

"N'chifukwa chake tabwera kwa katswiri. Koperani msanga, foni yadzaza, sikulola ngakhale chithunzi chimodzi. Ndikufuna ndifufute zonsezo."

Lumo anakopera tizidutswa ta kanema makumi anayi ndi kamodzi, ndipo mkazi wake anafufuta za mufoni pomwepo iye akuona. Ponyamuka, alamu ake anagogoda patebulo kuti awayang'ane, n'kuyamba kulankhula. Manja anayenda nthawi yaitali ndithu, kukwera, kutsika, kugunda pachifuwa, kuloza kompyuta.

"Akuti zikomo, mukonze bwino," mkazi wake anamasulira, ali kale pakhomo.

Lumo anaona kuti manja alankhula zambiri pamene mawu atuluka anayi, koma maganizo ake anali atapita kale kwa mdani wake uja.

Anagwira ntchitoyo masiku atatu, ndipo tinene zoona, anaigwira ndi mtima umodzi. Anachotsa phokoso la magalimoto, anakweza mawu a mkazi wake kuti azimveka bwino, anawalitsa mitundu kuti nsalu ya jekete ioneke mmene inalili. Kenako anayamba kulimbana ndi mizati yakuda. Kachidutswa kalikonse ankakakoka pamakona mpaka kadzaze sikirini. Pamene alamu ake ankasoka, ankasiya singano ndi nsalu pakati. Pamene ankayang'ana foni n'kumafotokoza, ankasiya nkhope, kuyambira pachipumi mpaka pakhosi. Penapake nsonga za zala zinkatulukira m'munsi mwa felemu, kuphethira n'kuzimiririka, ndipo izi zinkamusokoneza maso. Ankakweza felemuyo pang'ono kuti zalazo zisaonekenso. Mumtima ankati mawu alimo kale, nanga manja n'ngachiyani.

Lachinayi madzulo anaonera kanemayo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, n'kudzigwedezera mutu yekha. Anali wa mphindi zinayi ndi masekondi makumi asanu, wopanda mzati ngakhale umodzi. Foni anali nayo m'thumba, nambala ya mkazi wake ankaidziwa pamtima, koma katswiri safunsa, ndipo safunsa uja akuluakulu amati anadya phula.

Lachisanu nthawi ya 9 koloko m'mawa onse awiri anabwera kudzaonera. Alamu ake anavala diresi yobiriwira yosoka okha, ngati kuti asukuluwo awaonera pakompyuta pomwepo. Lumo anawakokera mpando wabwino uja, anatseka katani, n'kudina batani.

Poyamba zonse zinayenda. Panaoneka choko chikuyenda pansalu, kenako sizasi ikutsata mzere. Mkazi wa Lumo anayamba kumwetulira atamva mawu ake akumveka bwino ngati a pawailesi. Kenako panabwera nkhope ya alamuwo, yaikulu, yodzaza sikirini yonse. Nsidze zinkakwera n'kutsika, masaya ankafufuma, mapewa ankagwedezeka, maso ankawala ngati munthu amene akunena chinthu chomusangalatsa. Koma chimene ankanenacho sichinkaoneka. Anali mayi wongogwedezeka pagalasi, pakamwa pali chitsekere.

Alamuwo anaonera mphindi imodzi yathunthu osaphethira. Kenako anaimirira pang'onopang'ono, anatembenukira kwa Lumo, n'kuika manja onse awiri kumbuyo. Anaima choncho akumuyang'ana m'maso, osachita china chilichonse.

Lumo, mwachizolowezi, anayang'ana mkazi wake. Kumwetulira kuja kunali kutatha.

"Mwadula manja," anatero mkaziyo motsitsa mawu.

"Koma mawu alimo. Ndawakweza bwinobwino, simunamve?"

"Mawu a ndani, bambo? Ena mwa amene akaonere kanemayu ndi aphunzitsi osamva. Ndiponso ngakhale onse akanakhala akumva, akufuna kulemba ntchito ine kapena asisi?" Anaima kaye, n'kugwira pakamwa. "Ndipo ine ndinafufuta zonse zija. Jekete inapita. Kwatsala maola atatu."

Anatembenukira kwa akulu ake n'kuwauza ndi manja. Alamuwo anatulutsa manja kumbuyo kuja, n'kuyankha mwachidule. Ulendo uno mkazi wa Lumo anamasulira zonse.

"Akuti asadandaule wina aliyense. Akuti anazolowera. Moyo wawo wonse anthu amawayang'ana kumaso, kumwetulira, n'kupita osamva kanthu. Kungoti sankayembekeza kuti ndi m'banja momwe."

Mawu amenewo anamulasa Lumo, ndipo manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Alamu ake anatola chikwama chawo n'kulunjika kukhomo.

"Alamu, dikirani," anatero. "Alamu, sizinatayike."

Ankalankhula ndi msana wa munthu wosamva. Aka kanali koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi kuti azindikire kuti pakamwa pake, pamene ankapadalira kwambiri, apa panalibe ntchito. Anadumpha chingwe cha fani, anawapitirira, n'kukaima pamwamba pa masitepe atatambasula mikono. Chizindikiro choti dikirani sankachidziwa. Choti pepani sankachidziwanso. Anasanthula m'mutu mwake n'kupeza zitatu zija zokha. Moni sakanathandiza, zikomo akanangowonjezera moto. Ndiye bambo wamkulu, wa ndevu zake, 9 koloko m'mawa m'chipinda mopanda ngakhale kapu ya madzi, anakweza manja n'kuuza alamu ake kuti chakudya chapsa. Chinali chizindikiro chokhacho chimene ankadziwa kuti munthu akachiona amabwera.

Alamuwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pakona ya mlomo wawo panagwedezeka pang'ono. Sanaseke, koma anabwerera n'kukhala pampando, chikwama chili pamwendo, ngati munthu amene wapereka mphindi imodzi yokha.

Lumo anakhala pakompyuta. Anatseka kanema womalizidwa uja n'kutsegula pulogalamu imene ankakonzeramo. Anadina kachidutswa koyamba kamene kanali ndi nkhope. M'makona mwa chithunzi munatuluka timadontho tinayi toyera. Anagwira kamodzi n'kukakokera mkati mwapang'onopang'ono. Nkhope ija inayamba kuchepa n'kubwerera m'mbuyo. Panaoneka khosi, kenako mapewa, kenako tepi yoyezera ili lendee pachifuwa, ndipo kuchokera m'munsi mwa sikirini munakwera manja awiri, ali m'kati molankhula.

Mkazi wake anatulutsa mpweya ngati amene watula mtolo.

"Auzeni kuti pulogalamuyi siitaya kanthu," anatero Lumo. Anadzigwira, n'kutembenuza mpando kuti ayang'ane alamu akewo. "Alamu, ndikadula, zodulidwazo sizipita kwina. Zimangobisika kunja kwa felemu. Zonse zilipo, tizidutswa tonse makumi anayi ndi kamodzi."

Alamuwo anasendera pafupi ndi sikirini. Anamukodola kuti abwerezenso. Lumo anakulitsa chithunzi, manja anasowa. Anachepetsa, manja anabwera. Atatero kachitatu, alamuwo anatembenuza mpendero wa mkono wa diresi yawo n'kumuonetsa nsalu yopindidwira m'kati mwa msoko, n'kulankhula.

"Akuti telala wanzeru sadula pamzere penipeni," anamasulira mkazi wake. "Amasiya nsalu m'kati, kuti mwini wake akanenepa adzamasule. Akuti makina anuwa ali ndi nzeru kuposa inu."

"Auzeni kuti ndavomera."

"Auzeni nokha. Gwedezani mutu, si Chingerezi chimenecho."

Lumo anagwedeza mutu, ndipo ntchito inayamba. Koma atangobweza tizidutswa tonse mmene tinalili, mdani wake anabwerera ndi mphamvu zonse. Alamu ake anaima pakati pa sikirini athunthu, manja ndi zonse, koma uku ndi uku kunali mizati iwiri yakuda, iliyonse yotambalala kuposa chithunzicho. Lumo anakanda pamutu. Asukulu anati kanema akhale wogona, ndipo wogona analidi, kungoti magawo awiri mwa atatu anali mdima. Nthawi inali itakwana 10 koloko.

Alamuwo anaona nkhope yake ili ngati wamwa mandimu, n'kufunsa chimene chavuta. Atauzidwa, anagunda ndi chala pamzati wakumanzere, n'kuchita ngati akulemba. Kenako anagunda wakumanja, n'kuchita ngati akusoka.

"Akuti nsalu yotsala sataya, amapangira matumba," anatero mkazi wake. "Uku mulembe zimene akunena, kuti akumva aziwerenga. Uku muike singano ikusoka, pafupi, monga munachitira muja. Akuti pamenepo pokha munakhoza."

Lumo anayang'ana mizatiyo nthawi yaitali. Zaka zonsezi ankaiona ngati chilema choti abise, ndipo sizinamubwerere n'kamodzi komwe kuti ndi malo. Anakoka kiyibodi.

Apa m'pamene panatulukira nkhani ina. Kuti alembe mawuwo, Lumo anayamba kutsatira zimene mkazi wake ananena m'kanema. Pakachidutswa ka sizasi analemba kuti, "Apa tikudula nsalu mosamala." Alamu ake, omwe kuwerenga ankawerenga bwino kwambiri, anamenya tebulo n'kukana ndi mutu. Analoza manja awo pasikirini, kenako analoza mng'ono wawo, nsidze zili m'mwamba.

Mkazi wa Lumo anayamba kuyang'ana fani.

"Sananene choncho kodi?" anafunsa Lumo.

"Ananena, koma motalikirapo."

"Motalikirapo bwanji?"

Mkaziyo anausa moyo. "Akuti, nsalu ili ngati mlamu wanga. Ukaithamangitsa imakwinya nkhope, ukaisita bwino imagona."

Lumo anasiya kulemba. "Mlamu wawo uti?"

"Ali ndi angati?"

Lumo anabweza kachidutswako n'kukayendetsa pang'onopang'ono, ngati mmene ankachitira pofufuza pomwe chithunzi chalumpha. Anaona zala ziwiri zikutsegula n'kutseka ngati sizasi, kenako mutu ukutembenukira kumbali.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi dzina lanu."

"Sizasiyo ndamva. Nanga kutembenuza mutuko?"

Mkazi wake anazengereza, koma akulu ake ankamuyang'anitsitsa, ndipo panalibe pothawira. "Ndi mmene mumachitira akamalankhula nanu. Mumayang'ana kumbali, kwa ine. Dzina lonse ndi limenelo: wodula woyang'ana kumbali. Anakupatsani chaka choyamba chomwe."

Lumo anamva chisoni, ndipo sichinali chisoni cha kunyozedwa, chifukwa dzinalo linali loona. Chinamupweteka n'chakuti m'nyumba mwake momwe munkabwera munthu wanthabwala chotere, amene ankamuseka, kumutcha dzina, mwina kumuyamikira kumene, ndipo iye zonsezo zinkamudutsa ngati mphepo.

"Ndiye nthawi zonse mumafupikitsa?" anafunsa.

"Ndimatopa, bambo. Ndinayamba kumasulira ndili ndi zaka zisanu, kusitolo, kuchipatala, paliponse. Pena ndimangotola mutu wa nkhani. Pena ndimakutetezani inu, chifukwa asisi pakamwa pawo m'pakuthwa."

Anawauza akulu akewo zimene wanena. Alamuwo anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kwawo kuja kotuluka mosayezera, n'kuloza awiriwo mmodzimmodzi.

"Akuti m'nyumba mwathu muli odula awiri," anatero mkaziyo, nayenso akuseka, misozi ili m'maso. "Wina amadula manja, wina amadula mawu. Akuti tinapezana."

Kuyambira pamenepo anagwira ntchito ngati anthu ozimitsa moto. Lumo ankayendetsa kachidutswa, alamu ake ankabwereza zimene ananena, mkazi wake ankamasulira liwu ndi liwu, iye n'kumalemba pamzati wakumanzere ndi zilembo zoyera zikuluzikulu. Alamuwo ankawerenga chiganizo chilichonse asanalole kuti apitirire. Ndipo zimene zinkatuluka zinali zina ndithu. Pamene mawu akale ankati "apa tikuika kolala", manja ankati, "Kolala ndi nkhope ya jekete. Wophunzira akalakwitsa kolala usamukalipire, umuveke jeketeyo aime pagalasi, adzaona yekha." Pamene ankati "apa tikuyeza", manja ankati, "Yeza kawiri, chifukwa tepi siinama koma munthu amakoka mimba."

Lumo ankalemba uku akupukusa mutu. Mayi ameneyu anali mphunzitsi kale, ankangosowa kalasi.

Mawu a mkazi wake anawachotsamo onse, mwini wake atapempha yekha, n'kusiya kulira kwa makina osokera ndi kukhwekhwereza kwa sizasi. Atafika pa nthabwala ya mlamu ija, alamuwo anachita chizindikiro chodula, kuti imeneyo ichoke, si ya asukulu. Kanemayo anali atapitirira mphindi zisanu zija ndi masekondi asanu ndi awiri, ndipo kuchotsa pamenepo kukanathetsa vuto.

Lumo anakana ndi mutu. Anadula pena, pamene simbi inkachedwa kutentha.

"Inu, Lumo, mukukana kudula?" anafunsa mkazi wake.

"Ana akaseka saiwala. Isiyeni."

Anatumiza nthawi ili 11:41. Kamzere kosonyeza kuti kanema akupita kanayenda mwaulesi, kanaima pakati mpaka mkazi wake anayamba kupemphera chamumtima, kenako kanafika kumapeto. Alamu ake anaimirira, anakonza diresi, n'kumugwira Lumo paphewa kamodzi. Potuluka anatembenuka pakhomo n'kumufunsa kanthu ndi nkhope yoona mtima.

"Akuti chakudya chija chili kuti," anatero mkazi wake.

Masabata awiri anadutsa opanda yankho, kenako sabata lachitatu linayamba. Lumo sanafufute tizidutswa tija pakompyuta, ngakhale kuti lamulo lake linali loti ntchito ikatha malo ayere. Masana kukakhala kopanda makasitomala, ankatsegula kamodzi, kukayendetsa pang'onopang'ono, n'kumatsanzira ndi zala zake zolimba. Wometa tsitsi wa kutsidya anamuonapo pazenera n'kufunsa ngati wayamba kuthamangitsa udzudzu. Kunyumba ankavutitsa mkazi wake pa tebulo la m'mawa: ichi amati bwanji, nanga mawa, nanga sukulu, nanga pepani. Zambiri ankaiwala, zina ankasokoneza, moti tsiku lina pofuna kunena kuti watopa ananena kuti ndi woyembekezera. Koma sanasiye. Mumtima ankaopa kuti mwina kanema uja sanakwanire, ndipo ankadziwa kuti akalephera alamu ake sadzamuimba mlandu, chimene chikanamupweteka koposa.

Lachitatu lina masana anamva mapazi pamasitepe. Chitseko chinatseguka, ndipo analowa alamu ake, okha. Mkazi wake anali kuntchito. M'zaka zonse zija, awiriwa anali asanakhalepo m'chipinda chimodzi popanda womasulira.

Lumo anaimirira n'kupereka moni, chizindikiro chake chakale chija. Alamuwo anayankha, anaika chikwama patebulo, n'kuyamba kulankhula. Mutu wa Lumo unayamba kutembenukira kumpando wopanda munthu umene mkazi wake ankakonda kukhalapo. Anaumva ukupita, n'kuubweza.

Anakweza dzanja n'kupempha kuti abwereze pang'onopang'ono. Chimenecho anali atachiphunzira bwino, podziwa kuti adzachifuna kawirikawiri.

Alamuwo anamuyang'ana modabwa, kenako anayambiranso, chizindikiro chimodzichimodzi. Choyamba anachidziwa: sukulu. Chachiwiri chinamuthawa, koma anachisiya chipite. Chachitatu chinali Lolemba. Kenako anadziloza pachifuwa. Kenako manja onse awiri anachoka pachipumi n'kutambasukira kutsogolo, ngati munthu akugawira ena zimene zili m'mutu mwake. Chimenechi Lumo anali atachiona kambirimbiri m'kachidutswa komaliza, pamene alamuwo ankanena chimene akufuna kudzachita moyo wawo wonse wotsala.

Sukulu. Lolemba. Ine. Kuphunzitsa.

Chimwemwe chinamudzaza, ndipo pakamwa pake panatseguka kuti anene zambirimbiri. Anapatseka. Anakweza manja n'kunena kuti wakondwa, kapena chinthu china choyandikana nacho. Alamuwo anamugwira chala chapakati n'kuchipinda mmene chimayenera kukhalira, ngati akukonza kolala ya wophunzira, n'kumuuza abwereze. Anabwereza, ndipo anavomera ndi mutu.

Kenako anatola chikwama chawo, chifukwa anali ndi madiresi awiri oti amalize Lolemba lisanafike. Pakhomo anatembenuka kuti atsanzike, ndipo anamutchula dzina. Zala ziwiri zinatsegula n'kutseka ngati sizasi. Lumo anadikira kuti mutu utembenukire kumbali monga mwa nthawi zonse, koma sunatembenuke. Alamuwo anangomuyang'ana m'maso, manja ali phee, n'kutsika masitepe.

Lumo anaima pakati pa kachipinda kake nthawi yaitali, fani ikulira. Pantchito yake yonse anali atadula zinthu zambiri, zina bwino, zina molakwika, koma anali asanaonepo munthu akudula pamalo pake ngati mmene alamu ake anadulira dzina lija.